Mtambo Umene Kettie Sanaike

Pali nkhani zina zimene munthu umangomva n'kuseka, koma iyi ine sindiseka nayo, chifukwa amene anaziona ali moyo ndipo si anthu okometsera nkhani. Gregory, woulutsa tindege tonyamula mankhwala pa Neno boma, anali m'chipinda momwemo. A Ellen, anamwino a kachipatala kena kakumapiri kufupi ndi malire, anali pa foni. Okayika akafunse. Zinachitikanso masana dzuwa likuswa mtengo, osati nthawi ya akadzidzi.

Mwini nkhani ndi Kettie, mwana wa malemu a Lenard a ku Ligowe. Bungwe lina linamulemba ntchito imene kumudzi ankalephera kuifotokoza: kupanga mitambo. M'tindege timeneti simukwera munthu, ndiye lamulo linali lakuti kandege kasananyamuke, ulendo wonse uyambe wayesedwa pa kompyuta. M'kompyutamo munali Neno yense, mapiri ndi zigwa zake, ndipo Kettie ndiye ankaikamo nyengo. Anajambula mitambo ndi foni chaka chathunthu, n'kuphunzitsa makinawo mtundu uliwonse ndi khalidwe lake: nkhungu ya chiperoni yokwawa m'zigwa mwezi wa Juni, timitambo tamawanga ngati nkhanga, zimitambo zokula ngati chulu masana n'kudzakhuthuka madzulo. Yonse inakwana mitundu khumi ndi umodzi, ndipo mtsikanayu ankayenda mapewa m'mwamba nayo.

Luso la mitambo analitengera kwa bambo ake, ngakhale sankavomera msanga. A Lenard anayeza mvula zaka makumi atatu mongodzipereka. M'mawa uliwonse, ndudu ya chingambwe ili kukamwa, ankapita pa chitini choyezera mvula kuseri kwa nyumba, kulemba m'kope, kugogoda chitinicho katatu ndi chikhadabo, kenako n'kuthira madziwo patsinde pa mtengo wa nachesi. Tsiku lina Kettie atawaonetsa mitambo yake pa laputopu, mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga mbale ija waiikamo?" anafunsa.

"Mbale iti, bambo?"

"Ya pa Mpatanyani. Mtambo wosalala, wovundikira ngati mbale. Suyenda, mphepo ikule bwanji. Pansi pakepo mphepo imagwa ngati madzi pamathithi. Ndi khwangwala yemwe amapalambalala."

"Muli ndi chithunzi chake?"

"Ndinauona katatu ndi maso angawa."

"Bambo, kompyuta simva za maso. Imafuna chithunzi."

Kettie anaseka, bambo akenso anaseka, koma za mbaleyo sanadzatchulenso. Mu Okutobala anamwalira. Kuyambira pamenepo kuseka kuja kunkamuwawa Kettie ngati minga yothyokera m'phazi, ndipo kuseri kwa nyumba ya ku Ligowe sankafunako n'komwe. Chitini chija chinkangodzaza n'kusefukira, chopanda wochiona.

Tsiku lomwe ndikunenali linali mu Januwale. Mvula inagwa usiku wonse n'kukokolola mlatho wa msewu wakumapiri, koma pofika masana kumwamba kunali kutayera mbee. Cha m'ma thu koloko foni inalira. Anali a Ellen. Mayi wina dzina lake Mailesi anali atachira mwana wamkazi, koma anataya magazi ambiri, ndipo ambulansi inalibe podutsa.

"Akapanda kulandira magazi mkati mwa ola limodzi, timutaya," anatero.

Gregory anathamangira kukamanga paketi ya magazi m'kandege. Kettie anatsegula laputopu. Njira zinalipo ziwiri. Yachidule inkadutsa pa Mpatanyani, mpata wa pakati pa mapiri awiri, mphindi makumi awiri ndi zisanu. Yozungulira kumadzulo kwa phiri inkatenga mphindi makumi anayi, pamene batire inkatha pa makumi anayi ndi zisanu. Palibe amene anayesapo yozungulirayo. Lipoti la zanyengo la pa intaneti linkati kuli bwino paliponse, ndipo kuchokera pa boma mpatawo suoneka, mapiri ena amautchinga.

Kettie anayesa njira yachidule, mothamangitsa kuti asataye nthawi. Kandege ka pagalasi la kompyuta kanauluka bwinobwino pamwamba pa minda ndi mitsinje. Kenako mapiri awiri aja anatulukira.

Pakati pawo panali mtambo.

Unali woyera, wosalala, wovundikira. Sunkayenda. Kandege katangolowa pansi pake kanapendama, kanatsika, n'kuwomba mwala.

"Gregory," anaitana chapansipansi. "Tabwera."

Gregory anasuzumira. "Umenewu waupanga liti?"

"Sindinaupange."

"Yambiranso. Mwina makina asokonezeka."

Kettie anazimitsa laputopu, n'kuyatsanso. Anawerenga mndandanda wa mitambo yake ndi chala: khumi ndi umodzi. Anayesanso ulendo. Mtambo uja unali pomwepo, ndipo kandege kanagwanso pamwala womwewo.

Apa m'chipindamo munazizira. Mazenera anali otseka. Panja nyenje zimene zinkalira m'mitengo ya bulugamu zinangoti zii, zonse nthawi imodzi. Kenako linabwera fungo, poyamba pang'ono, kenako lodzaza chipinda. Fodya wa chingambwe, wosakanikirana ndi fungo la dothi lonyowa.

"Ndani akusuta?" Gregory ananong'ona.

Kettie analizindikira fungolo.

Ngo. Ngo. Ngo.

Chikhadabo pa chitini. M'chipindamo munalibe chitini.

Foni inaliranso. A Ellen. "Kodi mwanyamuka? Akufooka."

"Amayi, tasuzumirani panja. Pa Mpatanyani pali chiyani?" anafunsa Kettie.

"Sindingamusiye. Fulumirani basi."

Gregory anali atagwira kale chowongolera kandege. "Kettie, lipoti likuti kuli bwino. Tikazungulira batire n'kutithera panjira, magazi agwera m'tchire. Mayi uja tikhala tamupha ndife."

Kettie ankadziwa kuti mnzakeyo akunena zoona. Ankadziwanso kuti mawu omaliza ndi ake, poti nyengo inali ntchito yake. Anachita mantha kwambiri, mantha akuti mwina chisoni cha bambo ake chamuzunguza mutu ndipo munthu wosalakwa afera zimenezo. Anayang'ananso pagalasi.

Kachinthu kakuda kanatulukira pakona. Kanali ndi mapiko, ndi khosi loyera. Khwangwala. Kettie anali asanaikemo mbalame ngakhale imodzi m'kompyutamo. Khwangwalayo analunjika pa mpata, atayandikira mtambo anakhota, n'kutsata m'mbali mwa phiri chakumadzulo, chapansipansi, kufupi ndi phirilo kuposa njira yozungulira imene anaijambula kale. Anazimirira kuseri.

"Wamuona?" anafunsa Kettie.

"Ndamuona."

Kettie anajambula njira potsata pamene mbalameyo inadutsa. Kompyuta inawerengera: mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.

"Tidzera iyi," anatero. "Zikalakwika, mlandu ndi wanga."

Kandege kenikeni kananyamuka pabwalo kakulira ngati njuchi. Awiriwo ankayang'ana kadontho koyenda pa mapu ndi batire ikutsika. Kettie anapemphera, ndipo m'pempheromo anapezeka akunena kuti, "Pepani bambo." Kadontho kanakhota kumadzulo, kanabisala kuseri kwa phiri, kanatulukiranso. Batire itatsala pang'ono kufiira, foni inalira.

"Katera!" a Ellen anakuwa. "Katera, magazi ndatenga!"

Panja nyenje zinayambanso kulira. Fungo lija linali litapita.

Dzuwa litapendeka, a Ellen anaimbanso. Mailesi anali atatsegula maso ndipo ankafunsa za mwana wake. "Komatu ndakutumizira chithunzi," anawonjezera. "Unandifunsa za pa Mpatanyani paja. Nditatuluka ndaona zodabwitsa. Anthu odutsa kumeneko akuti mitengo yagona pansi, chonsecho kulibe mvula."

Kettie anatsegula chithunzicho. Kumwamba kunali koyera konse, koma pakati pa mapiri awiri panali mbale yovundikira, yosalala ngati yochita kuumba. Chithunzi chimene anawafunsa bambo ake chija chinali chitafika. Analira mosabisa, Gregory ali pomwepo. Akuluakulu ananena kale kuti mawu a akulu akoma akagonera, koma sananene kuti pogonerapo amawawa chonchi.

Anabwereranso pa kompyuta kuti ausunge mtambowo. Munalibe. Munalibenso khwangwala. Gregory anafufuza mpaka maso kufiira, ndipo akatswiri a bungwe atabwera anafufuzanso, osapeza kanthu. Lero mitambo m'menemo ilipo khumi ndi iwiri. Wachikhumi ndi chiwiriwo Kettie anaupanga yekha potengera chithunzi cha a Ellen ndi kope la bambo ake, ndipo aliyense wophunzira kuulutsa tindege pa Neno amayamba wakumana nawo.

Loweruka la sabata yomweyo Kettie anapita ku Ligowe, atatsimikiza zoyambiranso kuyeza mvula. Inagwa usiku, ndipo m'mawa anazungulira kuseri kwa nyumba ndi kope lija kukhwapa. Amayi ake anali asanadzuke, ndipo panyumbapo panalibenso munthu wina. Pamatope panalibe phazi lililonse.

M'chitinimo munalibe ndi dontho lomwe. Patsinde pa mtengo wa nachesi madzi anali akulowa pansi, tithovu tisanaphwe.

Kettie anaima kanthawi. Sanathawe. Anatsegula kope, analemba tsiku, n'kusiya mpata wa nambala wopanda kanthu.

"Zikomo, bambo," anatero motsitsa mawu. "Kuyambira mawa ndiziyeza ndine."

Mawa lake chitinicho anachipeza chili ndi madzi, chikumudikira.