Lamba Wasiya Kudya

Mwana wanga timamutcha Kadontho. Kadontho ali ndi njoka. Inde, njoka. Anamupatsa ndi amalume ake, adokotala a ziweto. Njokayo ilibe ululu. Dzina lake ndi Lamba. Amakhala m'bokosi la galasi, m'chipinda chathu chochezera.

Kunja kunayamba kuzizira. Lamba anasiya kudya. Sabata yoyamba sanadye. Sabata yachiwiri sanadye.

"Amayi, Lamba wazizidwa," anatero Kadontho. "Adwala."

Ine ndinausa moyo. Ndinali ndi zochapa. Ndinali ndi zosita. Ndinatenga bulangeti. Ndinafunditsa bokosi lonse.

"Bulangeti ili lalera ana atatu," ndinatero. "Basi, nkhani yatha."

"Amayi, thupi la njoka silitentha lokha. Bulangeti silimuthandiza."

Ndinausa moyo. Ndinathira madzi otentha m'botolo.

"Ayi, Amayi. Botolo limuwotcha. Kenako lizizira."

"Nanga ndimubereke kumsana?"

Kadontho sanaseke. Anaimbira foni amalume ake.

M'mawa mwake amalume anatumiza phukusi. Munali kamphasa ka magetsi. Munali kabokosi ka waya. Munalinso zoyezera kutentha ziwiri.

Bambo ake a Kadontho anapinda manja a malaya. "Tiyale kamphasaka pakati penipeni," anatero. "Pafunde ponse."

"Ayi, Ababa. Mbali imodzi yokha. Akatenthedwa athawira kuti?"

Bambo ake anakanda mutu.

Kadontho anaika kamphasa kunsi kwa galasi, kunja. Mbali iyi yofunda. Mbali iyo yozizira. Analumikiza kabokosi kaja.

"Aka ndi kamlonda," anatero. "Kamphasa kakatentha kwambiri, kamazimitsa."

Tinadikira. Ine ndinapisa dzanja m'bokosi, kutali ndi Lamba.

"Sikakugwira ntchito aka," ndinatero. "Sindikumva kanthu."

"Dzanja lanu limagwira mapoto a moto, Amayi. Silimva."

Bambo ake anaseka. Ndinawayang'ana. Anasiya.

Kadontho anaika choyezera uku. Anaika china uko. Anawerenga mokweza.

"Uku madigiri 30. Uko 24. Ndi momwe anenera amalume."

Lamba anasuzumira. Anatulutsa kalilime. Anakwawa pang'onopang'ono. Anadzipinda mbali yofunda. Masana anapita kozizira. Madzulo anabwereranso.

"Taonani bwana," ndinatero. "Zipinda ziwiri. Ine ndili ndi chimodzi."

Tsiku loyamba sanadye. Tsiku lachiwiri sanadye. Kadontho ankayeza m'mawa. Ankayezanso pochokera kusukulu. Mkaka wake unkazizira patebulo.

Tsiku lachitatu Kadontho anandikoka diresi.

"Amayi, bwerani. Musachite phokoso."

Ndinabwera ndi thovu m'manja. Bambo ake anabwera ndi nsapato imodzi. Tinagwada tonse atatu.

Lamba anayasamula. Anameza chakudya chake chonse.

Kadontho anatembenuka. Anatambasula manja.

"Kasambe m'manja kaye, iwe," ndinatero. "Ndi sopo."

Sanamve. Anandikumbatira m'khosi mwamphamvu.

Ine ndinamusiya. Sopo anali m'manja mwangamu kale.