Onse Anati N'chokoma

Shakila anaima kakasi kuseri kwa khoma la msika wa ku Insaca. Pansi panali nyerere zosaneneka, zitaunjikana pa dothi lomata. Fungo lake analidziwa bwino lomwe: chinali chakumwa cha malambe cha azakhali ake, a Rabeca.

Dzulo lake, iye ndi azakhaliwo anaima pakhoma lomweli n'kumalawitsa anthu. Kusukulu, purofesora Alexandre anawaphunzitsa kuti munthu asanayambe malonda azikafunsa kaye ogula. Ndiye Shakila, yemwe ankadzimva kuti ndi dolo wa kalasi yonse, anakonza mafunso asanu papepala. Anthu makumi atatu analawa, ndipo onse anati n'chokoma. Ambiri ankati, "Ndikamwera pamthunzi," n'kuzungulira khoma, kenaka n'kubwera ndi kapu yopanda kanthu. Iye ankangochonga, mano onse pamtunda.

Pokhulupirira pepalalo, azakhali anaganiza zogulitsa makina awo osokera kuti agule jeleira yoziziritsira chakumwacho. Wogula makinawo, bambo wa ku Entre Lagos, ankabwera m'mawa womwewu.

Shakila anapita kwa a Bernardo okonza njinga, amene dzulo anayamikira kuposa aliyense.

"A Bernardo, ndiuzeni zoona. Munamwa chakumwa chija?"

Bamboyo anayang'ana uku ndi uku. "Azakhali ako ali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Mwanawe, chija n'chowawasa zedi. Mano anga sanapole mpaka pano. Ndimu achulutsa."

"Nanga bwanji munati n'chokoma?"

"Iwo ataima pompo, akundiyang'ana m'kamwa? Mayi amene anasokera ana anga mayunifomu? Ukanakhala iwe ukanatani?"

Shakila anamva mutu waukulu. Anafunsanso amayi awiri ogulitsa nsomba za ku Amaramba, ndipo onse anaseka mwamanyazi. "Ife timati ndi ntchito ya kusukulu chabe," anatero mmodzi. "Tinkafuna ukhoze mayeso."

Mtsikanayo analiyatsa liwiro. Pofika kunyumba anapeza makina ali kale pa kaliyala wa njinga, mlendo uja akukunga lamba wa mphira. Azakhali anali chilili pakhonde, akusisita nsalu imene ankaphimbira makinawo kwa zaka khumi ndi ziwiri.

"Azakhali, musagulitse!" anakuwa, mpweya uli m'mwambamwamba. "Anthu sanamwe. Anataya kuseri kwa khoma."

"Ukuti chiyani? Si iwe unandionetsa pepala?"

"Ankakuchitirani ulemu. Ndinalakwitsa ndine. Ndinawafunsa inu muli pomwepo."

A Rabeca anakhala pansi mwadzidzidzi, dzanja lili pakamwa. "Onse makumi atatu? Ndi a Bernardo omwe?"

"Iwo ndiye akuti mano sanapole."

Shakila ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo anadziwa kuti n'zomuyenera. Koma azakhali analowa m'nyumba, natunga chakumwa chotsala, n'kupatsa mlendo uja, amene sankawadziwa n'komwe.

Bamboyo anangolawa pang'ono, nkhope yonse n'kukwinyika. "Pepani mayi, kodi shuga anakutherani?"

A Rabeca anapukusa mutu, nayamba kumasula lamba wa mphira ndi manja awo.

"Bambo, mutikhululukire, mwayenda ulendo wachabe," anatero. Kenaka anatembenukira kwa Shakila. "Mawa ndikonza china, ndimu pang'ono. Utenge pepala latsopano ukafunsenso."

"Tipita nthawi yanji?"

"Upita wekha. Ndipo usakanene kuti n'cha ndani."