Kuwala Pakona ya Chivundikiro

Bambo ake a Teni anamwalira Lachiwiri, pa 4 Novembala. Pofika Loweruka pa 22, Teni anali asanagwetse msozi. Pamaliro anaima pomwe anauzidwa kuti aime, nakhala pomwe anauzidwa kuti akhale. Patapita sabata anabwerera kusukulu, analemba mayeso a masamu, ndipo anakhoza. Kudya ankadya, koma ukanamufunsa chomwe wadya sakanakuuza. Zonse zinkamveka ngati wailesi ya m'nyumba yoyandikana: mawu ankafika, koma sankamukhudza.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Dzina loti Teni anamupatsa ndi bambo ake, kutengera sipanala ya nambala teni. Ankati ndi kachitsulo kakang'ono, kofunika paliponse, koma ukakafuna sikapezeka.

Nyumba yomwe ankakhala inali ya kampani, ndipo kalata inati atulukemo mwezi usanathe. Loweruka m'mawa lole inanyamula mipando, mabedi ndi ziwiya, zonse zitakutidwa ndi mapulasitiki onse omwe anali panyumbapo. Zomwe zinatsala zinali zoti ziyende pa pikapu ya bambo: zovala, makina osokera a amayi, ndi katoni imodzi yomangidwa ndi chingwe.

M'katonimo munali mabuku khumi ndi asanu ndi limodzi achikuto cholimba. Madzulo aliwonse bambo ankalemba tsiku, kenako mizere itatu kapena inayi ya zomwe zachitika, ndi cholembera cha inki. Chaka chilichonse chinali ndi buku lake, kuyambira chaka chomwe Teni anabadwa. Panalibe yemwe anawerengapo.

"Loyambalo ndi lako," anatero amayi akumanga chingwe. "Anati udzawerenge ukamaliza sukulu. Ine ndikuti ukawerenge tikafika. Koma mabukuwa asanyowe, mwanawe. Zina zonse zimagulidwa."

"Chabwino," anatero Teni.

Ulendo wopita kwa amalume, komwe ankasamukira, unali wa maola asanu, ndipo nyengo ya mvula inali itayamba. N'chifukwa chake amalume, mchimwene wa amayi, omwe anali makaniko wa mabasi, anatulutsa m'galaja chibokosi chachitali chafumbi. Munali chivundikiro cha kumbuyo kwa pikapu, cholimba, chopindika patatu. Pachibokosipo panali polembedwa ndi choko: 25 Okutobala. Bambo anachigula tsiku limenelo, koma sanapeze mpata wochimanga.

"Tiye, bwana makaniko," anatero amalume, akupinda manja a malaya. "Ine ndili ndi nzeru, iwe uli ndi msana. Tikaphatikiza tipanga munthu mmodzi wathunthu."

Teni sanaseke. Anatenga chidebe ndi sopo.

Anatsuka m'mbali monse momwe chivundikiro chinayenera kukhala, naumitsa ndi nsanza. Kenako anapukutamo ndi sipiliti, chifukwa amalume anati guluu ndi fumbi sizidyera mbale imodzi. Amalume anagoneka thabwa lowongoka kuchoka mbali ina kufika ina, namuonetsa kuti khoma lakutsogolo, loyandikana ndi mutu wa galimoto, linali lotsika ndi chala chimodzi kuposa makoma a m'mbali.

"Apa ndi pomwe pamalowa wakuba," anatero. "Madzi onse ochokera padenga la galimoto amatsikira pano. Umatepo labala wochindikala uyu, kuchoka kona mpaka kona. Koma usamukoke, wamva? Labala ali ngati mlendo wokakamizidwa. Ukamukoka amabwera, ukangotembenuka wabwerera kwawo."

Amayi anaitana ali m'nyumba kuti wina awathandize kunyamula makina, ndipo amalume anapita. Teni anayeza, nadula labala uja, nayamba kumata kuchokera kumanja. Atafika kukona ya kumanzere anapeza kuti waperewera ndi zala ziwiri. Labala wina analipo, theka la mpukutu, pomwepo pafupi ndi phazi lake. Anauyang'ana. Kumatula, kupukutanso, kuyezanso: zonsezo zinamuonekera ngati phiri. Anagwira nsonga ya labala, naikoka mpaka inafika pakona, naisindikiza ndi chala chachikulu. Inakhala.

Amalume atabwerera anamanga zitsulo ziwiri zazitali m'mbali, chilichonse ndi zopanira zitatu. Anafufuza m'bokosi la zida, nadandaula.

"Mnzako uja wathawanso. Nambala teni ili kuti?"

Teni anaitulutsa m'thumba la siketi yake. Inali m'menemo kuyambira tsiku la maliro, ndipo sankadziwa chifukwa chake. Amalume anaiyang'ana, namuyang'ana iye, nailandira.

Anamanga mabawuti pang'onopang'ono, mbali iyi kenako inayo, kuti zitsulo zisapendeke. Anakweza chivundikiro, nachisuntha mpaka mipata ya mbali zonse inafanana. Analowetsa timapaipi tiwiri totulutsira madzi, namata labala wopyapyala kuzungulira chitseko cha kumbuyo. Ntchitoyo inatenga maola awiri, dzuwa likuswa mtengo.

"Tikanathira madzi kuti tione, koma paipi yothirira yapita ndi lole," anatero amalume. "Tichita za mlamu wanga. Iye ankati madzi ndi kuwala amayenda njira imodzi. Munthu amagona mkatimo, timatseka. Pomwe waona kuwala, amalembapo ndi choko. Ndikanalowa ine, koma chimimba ichi mungachite kuitana ozimitsa moto kuti anditulutse."

Teni anatenga choko, nakwawira mkati. Chitseko chinatsekeka.

Munali mdima, ndi fungo la oilo ndi zingwe zakale, fungo la malaya a bambo. Chitsulo chinali chofunda kumsana. Kwa nthawi yoyamba m'masiku khumi ndi asanu ndi atatu, panalibe munthu womuyang'ana kumaso kuti aone ngati akulira. Anagona chagada, manja pamimba.

Maso atazolowera, anaona kanthu. Kukona ya kumanzere, kutsogolo, kunali kuwala kowonda ngati kamtengo ka machesi. Labala uja anali atabwerera kwawo.

Choko chinali m'dzanja lake. Anadziwa choti achite. Koma dzanjalo linali lolemera, ndipo kukonako kunaoneka kutali. Kampata kakang'ono chotero, anaganiza. Kaya kalipo, kaya palibe, n'chimodzimodzi.

Amalume anagogoda pamwamba. "Odi m'nyumbamo! Mwaona chiyani, bwana?"

"Mulibe," anatero Teni.

"Ngakhale pang'ono?"

"Mulibe."

"Eya! Ndiye kuti manja anga akadali amoyo."

Lamlungu m'mawa, pa 23, amayi anamutuma kukasiya makiyi a nyumba kwa mlonda wa pageti. Pobwera anapeza katundu yense atalowa kale, chivundikiro chitatsekedwa.

"Ndimafuna kukapempha pulasitiki kwa aneba," anatero amayi, "koma amalume ako akuti n'kutaya nthawi, iwe unaona wekha kuti simulowa kanthu. Katoni ya bambo ako taiika kutsogolo pakona, kutali ndi chitseko."

"Kumanzere?"

"Eya. Bwanji?"

Teni anayang'ana kumwamba. Kunali koyera, kopanda ndi kamtambo komwe.

"Palibe," anatero.

Ananyamuka nthawi ya 9 koloko. Mvula inawapeza 10:40, ndipo inagwa mosalekeza mpaka 12:50. Teni anakhala pakati pa amayi ndi amalume, akuyang'ana zopukutira galasi zikupita uku ndi uku. Kawiri konse anatsegula pakamwa. Ulendo woyamba amalume anali kulimbana ndi lole yomwe inkawathira matope. Ulendo wachiwiri amayi anali atatsinzina, mutu atautsamiritsa pagalasi, ndipo aka kanali koyamba Teni kuwaona akugona masana. Anatseka pakamwa.

Anafika kwa amalume 2 koloko itangodutsa. Zikwama za zovala zinatuluka zouma. Makina osokera anatuluka ouma. Amalume ankaimba mluzu. Kenako anapinda chivundikiro mpaka kutsogolo, nagwira katoni ija ndi chingwe chake, naikweza. Pansi pake panatsala pomwepo. Mabuku anakhuthukira m'kadziwe kakang'ono ka madzi a buluu.

Mluzu unaleka.

Bambo ankasanja mabuku awo mwa zaka, akale pansi, atsopano pamwamba, ndipo amayi sanasinthe. Khumi ndi atatu anali onyowa m'mphepete mokha. Atatu apansi anali atamwa madzi mpaka kufufuma ngati buledi.

Amayi sanakuwe. Anatola mabukuwo limodzilimodzi, nawayala pakhonde. Loyamba lija analipukuta chikuto ndi nsonga ya nsalu yawo, nalipereka kwa Teni ndi manja awiri.

Masamba anali atamatirirana. Teni anawalekanitsa ndi chikhadabo, pang'onopang'ono. Tsamba lililonse linali mtambo wa buluu. Mizere inkaoneka kuti inalipo, koma mawu anali atasungunuka. Anafufuza mpaka mwezi wa Malichi. Pamwamba pa tsamba lina, pomwe madzi sanafike bwino, panatsala tsiku: 9 Malichi, tsiku lomwe iye anabadwa. Tsiku limenelo bambo sanalembe mizere inayi. Anadzaza tsamba lonse, natembenuza, nadzazanso kuseri. Pa zonsezo panawerengeka mawu atatu okha: "wagwira chala changa."

Amalume anali atavula chipewa. Anaima pafupi ndi galimoto, akuchipotokola m'manja, munthu wamkulu thupi lonse ataoneka kuchepa.

"Achemwali, mlandu ndi wanga," anatero. "Zaka makumi awiri ndikumanga mabasi, ndalephera kachivundikiro. Ndinenso ndinakuletsani pulasitiki. Mlamu wanga anandikhulupirira ndi galimoto yake, ine ndamuonongera mawu ake. Mwanayu musamufunse kanthu. Kuwala kwina n'kovuta kukuona."

Teni anayang'ana chipewa chija chikupotokoka. Kenako anamva chinthu chomwe anali asanachimve kuyambira pa 4 Novembala: kutentha, kuyambira pamimba kukwera mpaka kumakutu.

"Ndinakuona," anatero.

Onse awiri anatembenuka.

"Kuwalako ndinakuona, amalume. Labala anaperewera, ine ndinamukoka. Ndili mkati ndinaona kampata, choko chili m'manja. Ndinati mulibe. M'mawa amayi atandiuza za katoni, ndinatinso palibe."

Madzi ankadontha kuchokera padenga, kugwera m'chidebe.

"Chifukwa chiyani, mwanawe?" anafunsa amayi. Mawu awo sanali okalipa, ndipo Teni akanakonda akanakalipa.

"Ndimaona ngati palibe kanthu kamene katsala koti n'kuonongeka."

Amayi anayang'ana mabuku atatu ofufuma aja nthawi yaitali. Kenako anayang'ana khumi ndi atatu enawo.

"Kanalipo," anatero. "Ndipo kakadalipo. Tenga nyuzipepala, tiike pakati pa masamba asanamatirire enawa."

Anagwira ntchitoyo mpaka dzuwa kupendeka, tsamba ndi tsamba.

Lolemba m'mawa, pa 24, amalume anatuluka ndi kapu ya tiyi napeza chivundikiro chitamasulidwa kale, mabawuti atandandalikidwa pansanza. Teni anali atamatula labala yense wakutsogolo ndipo ankapala guluu wotsalira ndi kathabwa.

"Galimotoyi sikunyamulanso mabuku," anatero amalume mofatsa.

"Ndikudziwa."

Amalume anakhala pa tayala lakale, namusiya. Teni anapukuta ndi sipiliti, nadikira kuti paume. Anayeza kawiri. Anadula labala wotalikirapo ndi chala chimodzi, namugoneka pang'onopang'ono osamukoka, nadula chotsalira atafika pakona. Anamanga zitsulo, mbali iyi kenako inayo. Amalume anangothandiza kukweza chivundikiro.

Kenako Teni anatenga choko, nalowa.

Kukona ya kumanzere kunali bii. Anayendetsa maso m'mbali monse, osafulumira. Pansi pa chitseko, kumanja, panali kadontho ka kuwala kochepa ngati njere ya mchenga. Anakwawa, nakazunguliza ndi choko, nagogoda.

"Apa, amalume. Pachitseko, kumanja."

"Kakakulu?"

"Kakang'ono. Koma kalipo."

Anamatapo kachidutswa ka labala. Teni analowanso, chitseko chinatsekeka, ndipo ulendo uno mdima unali wathunthu. Fungo la oilo ndi zingwe linali lomwe lija. Anagona chagada. M'thumba mwake sipanala inamukanikiza pantchafu. Anaitulutsa, naifumbata, ndipo anazindikira kuti inali yonenepa ngati chala cha munthu wamkulu.

Amalume anagogoda. "Nanga tsopano, bwana?"

"Mulibe." Mawuwo anatuluka osweka. "Koma musatsegule kaye."

Galimoto inatsika pang'ono mbali imodzi: amalume anali atatsamira chitseko ndi msana wawo wonse.

"Tenga nthawi yako, Teni," anatero. "Ine sindikupita kulikonse."

Amayi, omwe ankatembenuza masamba pakhonde, anaimitsa dzanja. Kuchokera pansi pa chivundikiro kunkamveka kulira kwa mwana wawo.