Nyumba Inkagona Apongozi Ali M'kati

Nkiruka anali atatopa ndi apongozi ake, ndipo chomwe chinkamupweteka kwambiri n'chakuti analibe choipa chenicheni choti awanenere.

Amayi Obiageli anachoka ku Orlu kubwera ku Lagos mdzukulu wawo Munachi atangobadwa. Anabwerera omugwo, mwambo woti mkazi akachira amayi ake amadzamusamala ndi kusambitsa khanda. Amayi a Nkiruka anamwalira iye akadali kusukulu, choncho udindowo unagwera apongozi. Ntchito anaigwira mosanyinyirika. M'mawa uliwonse ankamuthowa pamimba ndi nsalu ya madzi otentha, n'kumumwetsa msuzi wa tsabola wothira chilazi mpaka thukuta kamukamu. Koma pakamwa pawo sipankapuma. Mwana wavala zochepa, mwana wagona moipa, mwana adzozedwe mafuta akuda a nthanga za kanjedza. Ndipo miyezi ya omugwo itatha, nkhani yobwerera ku Orlu sinamveke n'komwe.

Lotanna, mwamuna wa Nkiruka, ankaika zipangizo zamakono m'nyumba za anthu olemera, ndipo nyumba yake ya ku Lekki, dera lina la mu Lagos momwemo, anaisandutsa chionetsero. Chitseko chinkatseguka ndi chala. M'makona munali timaso toona munthu akadutsa. Nyale, mafani, makina oziziritsa mpweya, pampu ya madzi ndi mbaula yamagetsi zonse zinkamvana ngati ana a mimba imodzi. Mafoni a eni nyumba akangotuluka pageti, zipangizozo zinkauzana kuti mulibe munthu. Zitseko zinkadzikhoma, mafani ankaima, pampu ndi mbaula zinkazima pofuna kusunga mabatire a sola, poti magetsi a ku Lagos sapangana ndi munthu. Timaso tija tinkasanduka alonda, ndipo kanthu kakayenda mukolido kapena pabalaza, alamu inkalira mpaka kumsewu. Lotanna ankati nyumba yagona. Eni ake akabwera inkadzuka, kasipika ka pabalaza n'kuwalonjera ndi mayina.

Loko wa pachitseko anakana chala cha amayi Obiageli. Mizere ya zala zawo inafufutika kalekale ndi kupala chinangwa chopangira gari, ufa wokazinga umene amadya kwawo.

"Zala zomwe zinakulera iwe, chitseko chako chikuzikana?" anatero amayiwo akuseka.

"Musadandaule amayi, ndikonza," anayankha Lotanna.

Foni yawo inali yamabatani, yosamvana ndi nyumba. Choncho Lotanna anabweretsa kabatani koyera, kofanana ndi ndalama yachitsulo, n'kukalembetsa m'dzina la amayi ake. M'mawa womwe ankanyamuka ulendo wa ku Abuja kukagwira ntchito pahotela ina, amayi anali kubafa akusambitsa mwana, ndiye kabatani kaja anakaika m'manja mwa mkazi wake.

"Uwapatse, amange pansonga ya nsalu yawo. Kakakhala muno, nyumba idziwa kuti muli munthu, sigona."

Nkiruka anakaponya m'chikwama chake.

Sabata yomweyo iye anayambiranso ntchito, ndipo anaganiza zomapita ndi Munachi kumalo olerera ana a pafupi ndi ofesi yake. Apongozi anamva kuwawa.

"Mwana akaleredwe ndi alendo, agogo ake ndili pano? Ndakulakwira chiyani mwana wanga?"

"Simunalakwe amayi. Kungoti ndimafuna ndizimuyamwitsa masana."

"Kapena ukuopa mafuta anga akuda. Mwamuna wakoyo anakula nawo, khungu lake ukuliona."

Nkiruka anabereka mwana n'kunyamula chikwama. Ali pakhomo, dzanja lake linakhudza kabatani kaja m'chikwama. Analisiya momwemo kwa kamphindi, kenako analitulutsa lopanda kanthu n'kukalowa m'galimoto.

Asanafike n'komwe pamlatho wa panjira ya kuntchito, foni yake inanjenjemera. Alamu inali kulira. Amayi Obiageli anali atatuluka kuchipinda kuti akatenthetse madzi, nyumba n'kuwayesa wakuba. Alonda a m'deralo anathamangira, n'kuwapeza pawindo atagwira makutu. Anawafunsa kuti ndi ndani, ngati ndi antchito, ndiponso analowa bwanji. Mayi wa mwini nyumba anachita kulumbira kuti si mbava, azimayi oyandikana nawo akusuzumira pamipanda.

Nkiruka anazimitsa alamu pafoni. Akanatha kudzutsa nyumba yonse ndi chala chomwecho, koma sanatero. Madzulo anapeza apongozi maso ali ofiira.

"Makinawa asokonekera amayi. Muzingokhala kuchipinda kwanu, kulibe timaso kumeneko. Bambo a Munachi akabwera adzakonza."

Amayi Obiageli anamuyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino mwana wanga," anatero.

Mumtima Nkiruka ankati mlendo ndi mame, kutentha kukawakola adzakumbukira okha kwawo. Anadzinamiza kuti n'kanthu kochepa, munthu kukhala tsiku lopanda fani. Sanafune kuganiza kuti chimbudzi chili kutsidya kwa kolido, ndi kuti khitchini ili kuseri kwa balaza. Zinthu zomwe munthu safuna kuziganiza amazidziwa bwino kwambiri.

Madzulo aliwonse galimoto yake ikalowa pageti, nyumba inkadzuka, ndipo amayi Obiageli ankatuluka kuchipinda akuyenda mogwira khoma. Ankalandira mdzukulu, kumusambitsa, kenako n'kuphikira mpongozi wawo msuzi wa tsabola uja monga kale. Sanatchule kanthu. Nkiruka anayamba kumwa msuziwo atawerama, osawayang'ana kumaso.

Tsiku lina Lotanna anaimba ali wokondwa.

"Nkiru, wandichotsa nkhawa. Pafoni panga ndikumaona kabatani ka amayi kakutuluka nawe m'mawa n'kubwera nawe madzulo. Ndiye kuti mukumatengana? Akumakhala ndi mwana kumeneko?"

Nkiruka anayang'ana chikwama chake. "Palibe kanthu," anatero.

"Ndinkaopa kuti simudzagwirizana. Mulungu akudalitse mkazi wanga."

Foni itaduka, anakhala pabedi. Anatsimikiza kuti mawa apereka kabatani. Koma kukapereka kunali kuvomera kuti kanali naye nthawi yonseyi, ndipo manyazi anamugwira dzanja. Mawa lake anatuluka nako, mkuja wakenso chimodzimodzi.

Ntchito ya ku Abuja inatha msanga, ndipo Lotanna anafika masana dzuwa likuswa mtengo, osauza munthu. Ankayembekeza nyumba yopanda anthu. Foni yake italowa pageti, mafani anayamba kuzungulira, pampu inalira, kasipika kanamulonjera. Akudutsa mukolido anamva kutsokomola. Anatsegula chitseko cha chipinda cha alendo, mpweya wotentha n'kumumenya kumaso.

Amayi ake anali atagona pansi pa matailosi, nsalu atamasula mpaka m'chiuno, milomo itang'ambika. Pambali pawo panali mbale ya gari wouma ndi botolo la madzi lomwe anali asanamwe n'theka lomwe. Kuseri kwa chitseko kunali chidebe chovindikira ndi nyuzipepala. Lotanna anachiyang'ana, n'kumvetsa chifukwa chake amayi ake ankaopa kumwa madzi.

Nkiruka anaitanidwa ndi mawu awiri okha: "Bwera kunyumba." Anafika ndi mwana kumsana. Apongozi anali pasofa atafunda nsalu yonyowa, mwana wawo ataimirira pambali. Nkiruka atangoponda pabalaza, kasipika kanalankhula ndi mawu ake aulemu aja.

"Takulandirani Nkiruka. Takulandirani amayi Obiageli."

Mawu amenewo Nkiruka ankawamva madzulo aliwonse. Tsiku limeneli anamulasa.

"Amayi a Munachi," anatero Lotanna, kumutchula monga ankachitira akapsa mtima, "nyumba ikuti amayi anga angolowa kumene. Nanga awa akhala apawa ndi ndani?"

"Lota, usamukalipire mkazi wakoyu," analowerera amayi Obiageli ndi mawu osasa. "Anandipatsa kachinthu kakoko. Ndine ndinakaponya m'chikwama chake iye osadziwa. Ine zomangidwa mabelu ngati mbuzi sindifuna. Ukali wako ubwere kwa ine."

Lotanna anatembenukira mkazi wake. Nkhope yake inkapempha kuti zikhale zoona. "Ndi choncho?"

Njira yothawira inali yotseguka, ndipo anaitsegula ndi munthu yemwe iye anamutsekera. Nkiruka anaona milomo yong'ambika ija ikumunamira bodza lomupulumutsa, mtima wake n'kusweka. Anagwada pansi mwana ali kumsana, misozi ikuyenderera.

"Si zoona. Sindinawapatse. Ndinakasunga dala."

"Dala?"

"Ndinkafuna atope abwerere ku Orlu. Ndinkadziwa kuti nyumba ikugona iwo ali m'kati. Ndinawauza kuti makina asokonekera."

"Ndipo ine ndikukudalitsa pafoni, iwe n'kumati palibe kanthu?" Mawu a Lotanna anakwera mpaka mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. "Mayi amene anakuthowa ndi manja awo, iwe n'kuwasiyira chidebe? Ngakhale galu amamusiyira khomo lotsegula, Nkiruka."

"Ndalakwa bambo a Munachi. Ndilibe chonena."

"Ukanandiuza ine kuti watopa. Ndine mwamuna wako kapena ndine mlonda wa pageti?"

"Ndinakuuzani kangapo. Munkangoti ndipirire."

Lotanna anatembenuka. Anapita kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mwamphamvu, chithunzi cha ukwati wawo n'kupendekeka pakhoma.

Amayi Obiageli anatambasula manja. "Bweretsa mwanayo kuno, akulira." Atamulandira n'kumutonthoza, Nkiruka anakwawa mpaka pamapazi awo.

"Amayi, munkadziwa?"

"Kuyambira tsiku la alonda lija. Makina osokonekera amene amachira okha iwe ukangofika? Ndine wosaphunzira, koma si wopusa."

"Nanga bwanji simunamuuze mwana wanu? Ankakuimbirani."

"Ine pano sindinabwere ngati mayi wa Lotanna. Ndinabwera m'malo mwa amayi ako. Pa omugwo mayi amaona umaliseche wa mwana wake, amaona magazi ake, ndipo zimene waona sapita nazo kwa mkamwini. Ndinkati tsiku lina uchita manyazi wekha, undipatsa, nkhani ithere pakati pa ife awiri." Anapukuta mphuno ya mdzukulu ndi nsonga ya nsalu. "Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinachedwa kunyamuka. Kunyumba kwanga ku Orlu chimwalirireni bambo kuli zii, ndiye phokoso la mwanayu linandikomera. Mawa ndikwera basi."

Nkiruka anakhuthula chikwama pansi, n'kutola kabatani kaja. Anakagwira ndi manja awiri.

"Musapite amayi, chonde. Landirani. Khalani mpaka mudzafune nokha. Mwana ndizimusiya ndi inu, mudzimudzoza mafuta anu."

Amayiwo anakalandira, n'kukatembenuza m'zala zawo zofufutika zija. "Kopepuka chonchi," anatero. Kenako anaimirira n'kulowa kuchipinda kwa mwana wawo osagogoda. Nkiruka anamva mawu awo kudzera pachitseko.

"Mkaziyu ukamuthamangitsa chifukwa cha ine, maliro anga usadzabwere. Walakwa, wavomera yekha pomwe ine ndinamubisa. Ndipo iwe amene unamanga nyumba yofuna kuuzidwa kuti muli mayi ako, usadziyese woyera."

M'mawa mwake Nkiruka analongedza mphatso zonse zomwe mayi wa omugwo amapita nazo: nsalu zatsopano, sopo, nsomba zouma, thumba la mpunga. Amayi Obiageli analandira zonse mwaulemu, poti kukana kukanakhala kutemberera. Anapsompsona mdzukulu, n'kugwira Nkiruka paphewa.

"Ndakukhululukira mwana wanga. Koma thupi langa likuopabe kolido iyi. Lipatse nthawi."

Lotanna anawaperekeza kokwerera basi. Atabwerako sanamulankhule mkazi wake, koma sanamuuzenso kuti alongedze.

Lolemba anatulukira limodzi, Lotanna akuyendetsa, Nkiruka ali kumbuyo ndi mwana. Geti litatsekeka, Lotanna anayang'ana foni yake n'kuima pambali pa msewu.

"Nyumba sinagone. Ikuti muli munthu."

Anabwerera. Mafani onse anali kuzungulira, pampu ikulira. Nkiruka anatsogola mpaka kuchipinda cha alendo. Bedi linali loyalidwa bwino, chidebe chija chitatsukidwa n'kuvundikiridwa pakona. Pamtsamiro panali kabatani koyera. Mphepo yozizira inkawomba pabedi lopanda munthu, ndipo mbaula kukhitchini inali yokonzeka kudikira woti aphike.

Lotanna analoza kabatani kaja. "Katenge ukaike m'galimoto. Katimalizira mabatire."

Nkiruka anaima pakati pa mwamuna wake ndi bedi lija, misozi ikugwera pamutu pa mwana.

"Kasiyeni pomwepo," anatero. "Mabatire athe. Nyumba ino sigonanso mpaka amayi adzabwere."

Lotanna anamuyang'ana, n'kuyang'ana pamtsamiro. Sanakakhudze. Anatuluka onse awiri, ndipo galimoto ikukhota pakona Nkiruka anacheuka. Katani ya kuchipinda cha apongozi inali kugwedezeka ndi mphepo ya fani.