Tsatani Ambulera

Aphuma ananyamuka kulinga lakale la m'mbali mwa nyanja nyali za m'maboti zitayaka kale, ndipo chowachedwetsa panalibe koma pakamwa pawo pomwe. Munthu woti ndi telala, wobadwira kumtunda, nyanja yamchere wayiona dzana, anakhala maola atatu pakhonde la tiyirumu akuphunzitsa asodzi kusoka maukonde. Asodziwo ankangogwedeza mitu n'kumawathirira tiyi wina.

Popisa m'thumba la jekete kuti atenge mpango, dzanja linagunda kabotolo. Kabotolo kopopera m'kamwa, ka mphumu ya akazi awo! M'mawa mayiwo anati, "Mundisungire aka, abambo," ndipo masana atatopa n'kukwera galimoto kubwerera kunyumba ya alendo, palibe anakumbukira. Tsono mphumu ya mayiwo inkadziwa nthawi yake: usiku, makamaka kumalo a chinyezi ngati kuno. Foni inali itazima kalekale chifukwa chojambula mizinga yadzimbiri, ndipo galimoto zinali zitasiya kuyenda.

Tauniyo inakhala mokhota ngati chikwakwa, linga lakale kunsonga iyi, nyumba ya alendo kunsonga inayo. Kuzungulira ndi msewu, kudzera kumanda ndi pamlatho, linali ola lathunthu. Koma masana Aphuma anaona anthu akudulira pakati, pamchenga wouma gwaa, ulendo wa mphindi makumi awiri basi. Sanafunse munthu chifukwa chake maboti anali atagona cham'mbali pamchengapo ngati ng'ombe zokhuta. Kufunsa ndi iwo kunali kutali, ndipo dzina lija anthu sanawapatse pachabe.

Anatsika kanjira kamiyala pakati pa nyumba zakale zosuwa ndi mchere, fungo la nsomba zouma lili guu. Pamene kanjirako kankathera, pamasitepe otsikira kumchenga, panaima munthu. Anali wamtali, wovala jekete la mabatani achitsulo, ambulera yopinda ataikweza m'mwamba ngakhale kunalibe ndi dontho lomwe la mvula.

"Alendo, tsatani ambulera," anatero munthuyo.

Aphuma anafwenthera. Anthu oonetsa alendo malo anali atawavutitsa tsiku lonse, ndiye uyu mpaka usiku?

"Pepani achimwene, zakale ndaziona zokwana. Ndili pachangu, mayi akudwala. Tandipatukirani."

"Kumanzere kwathuku ndi nyumba ya sikelo, moyezera katundu," anayankha munthuyo ngati sanamve. "Inamangidwa zaka mazana atatu zapitazo. Taonani zitseko zakezo."

Masitepe anali opapatiza, munthuyo ataima pakati penipeni. Aphuma anatukwanira mumtima, n'kubwerera, n'kulowa kanjira kena kodutsa kuseri kwa nyumba yokonzera maboti. Anafika kumasitepe ena akupuma wefuwefu. Ambulera ili m'mwamba!

"Kumanja kwathuku ndi chitsime cha amalinyero."

"Inu bambo inu! Kodi m'makutumo muli mchenga? Ndati sindikufuna!"

Anayesa kanjira kachitatu, kamdima, kodzaza zitsulo ndi zingwe zakutha, mpaka anang'ambitsa thalauza losoka okha. Kumapeto kwake munthu uja anali ataima phee, akufotokoza za khoma. Aphuma anaganiza kuti mwina mwana wa m'tauni momwemo amadziwa tinjira tachidule, ndipo nthawi yoti n'kudabwa inalibepo. M'maganizo ankangoona akazi awo atakhala pabedi, atagwira pachifuwa, akuyang'ana kuchitseko. Anatembenuka n'kuyamba msewu wautali uja, misozi ya mkwiyo ili lengelenge.

Munthu uja anali kale kutsogolo.

Aphuma akafulumira, iye ankafulumira. Akati amupitirire, msewu unkakhala ngati wachepa. Ndiye kulankhula kwakeko, ngati wameza wailesi: nyumba iyi munkasungidwa mchere, iyo inapsa kawiri, belu ilo linachokera m'chombo chosweka. Aphuma anamuuza za amayi ake, za agogo ake ndi za ambulera yakeyo, koma mawu onsewo anangopita ndi mphepo.

Nyumba zinatha. Nyali zinatha. Kunatsala mdima wa ndiweyani ndi khoma lalifupi loyera.

"Manda a asodzi," anatero munthuyo, mawu atatsika. "Ambiri mwa mandawa mulibe anthu. Muli miyala ndi mayina basi."

Aphuma anangowonjezera liwiro.

"Awo a pakonawo ndi atsopanoko. Dzina analemba molakwika. Chilembo chimodzi anachisiya. Ndawauza, ndawauza, sakonza."

Apa m'pamene Aphuma anatchera khutu. Pamsewu pankamveka nsapato za munthu mmodzi. Zawo. Kutsogoloko kunkangomveka madzi... tho... tho... tho. Ambulera ija inkadontha. Jekete linkadontha. Paphewa panali ndere.



Munthuyo anaima n'kutembenuka. Anatambasula chala n'kuyamba kuwerenga, akuloza kumbuyo kwa Aphuma, kumene kunalibe munthu.

"Mmodzi, awiri, atatu..."

Aphuma sanacheuke. Khosi linakana.

"...khumi. Khumi ndi mmodzi." Kenako chala chinafika pa iwo n'kuima, osawawerenga. Chinali chotuwa, chamakwinya, ngati cha munthu amene wachapa tsiku lonse. "Inu musatsalire."

Mayo! Miyendo inayenda yokha.

Pamlatho panali nyali imodzi. Chithunzithunzi cha Aphuma chinagwa pansi, chachitali, chikunjenjemera. Cha mnzawoyo... panalibe. Pansi pa mlathowo madzi ankakokoma, akulowera kumtunda. Kumtunda! Mtsinje wanji woyenda chobwerera?

Aphuma anagwira thumba la kabotolo n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Sanaonenso msewu. Nsapato imodzi inavuka, anaisiya. Galu anauwa. Nyumba zinayambanso, kenako chikwangwani cha nyumba ya alendo, kenako geti.

Pagetipo, ambulera ili m'mwamba.

Munthuyo anawayang'ana nthawi yaitali, ndi maso otopa kwambiri. Kenako anatsitsa ambulera ija pang'onopang'ono, n'kupumira m'mwamba.

"Khumi ndi awiri," anatero. "Takwana."

Aphuma anaphethira kamodzi. Pageti panali zii. Pansi panangotsala chithaphwi cha madzi.

Mmene analowera m'chipinda, sakumbukira. Anapeza akazi awo atakhala pampando pafupi ndi zenera, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati mluzu, milomo itayamba kuda. Mwini nyumbayo, mayi wachikulire wa magalasi, ankawakupiza ndi katoni. Mwini nyumbayo anawalanda Aphuma kabotoloko. Anapopera kamodzi, kawiri. Onse atatu anamvetsera mpweya uja ukubwerera pang'onopang'ono, ndipo Aphuma, amene sanalirepo pamaso pa akazi awo chikwatirane, analira ngati mwana.

"Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina," anatero mwini nyumbayo. "Ndatuma anthu kukasaka galimoto yopita kuchipatala, mpaka pano sanabwere."

"Ndikanafika kalekale ine!" anakalipa Aphuma, mantha atasanduka mkwiyo. "Ndikanadulira pamchenga pakanapanda chitsiru china cha ambulera chonditsekera njira. Muli ndi anthu amwano m'tauni muno, mayi."

Katoni ija inagwa pansi. Mwini nyumbayo anangokankha zenera n'kuwakodola.

Mwezi unali utatuluka. Kuchokera pansi pa nyumbayo mpaka kulinga kunali madzi okhaokha, akuda, akuwinduka. Maboti aja ogona cham'mbali anali ataimirira, akuvina pazingwe zawo.

"Nyanja yathuyi imachoka n'kubweranso, kawiri patsiku," anatero mayiwo. "Ikamabwera imayamba yazungulira kumbuyo, munthu uli pakati osadziwa. Amene anakutsekerani njirayo, jekete lake la mabatani achitsulo?"

Aphuma anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndi mlongo wanga ameneyo. Ankaonetsa alendo malo. Tsiku lina anawoloka pamchengapo ndi alendo khumi ndi awiri, pobwerera anawerenga n'kupeza khumi ndi mmodzi. Wina anatsalira, akutola zigoba za nkhono. Anabwerera kukam'tenga madzi atayamba kale." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi. "Chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi. Sitinapeze ngakhale ambulera."

Aphuma anakhala pansi, pasimenti pomwepo, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Anayang'ana madzi aja, n'kuyang'ana kabotolo kali m'manja mwa akazi awo. 

"Koma nayenso," anatero Aphuma, "za sikelo, za chitsime, za belu... Sakanangondiuza kuti madzi akubwera?"

Akazi awo anakoka mpweya wautali, woyamba wathunthu usiku umenewo, n'kuwagwira dzanja.

"Mukanamva inu, abambo?"