Alonda a Alamu Anga

Ine sindifulumira kukhulupirira zinthu. Ntchito yanga ndi yokonza injini, ndipo injini ikamagogoda ndimayamba ndaitsegula ndisananene chavuta. Sukulu ndinamaliza ndili wamkulu kale, ya madzulo ija, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti chimene sunachione usachilumbirire. Izi ndikulembazi ndinaziona ndi maso angawa, kutacha bwinobwino, m'mimba muli tiyi yekha. Mboni ina ndi mnzanga Aphunzitsi, amene anapuma pantchito, ndipo chipsera chili paphazi lawo mpaka lero.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri tinkapita kukawedza kuthengo tili atatu: ine, Aphunzitsi ndi alamu anga, amuna a achemwali. Galimoto tinkaisiya pothera msewu, n'kutsitsa bwato, n'kupalasa theka la tsiku m'tinjira ta m'bango mpaka kukatulukira padziwe lalikulu. Kumeneko kulibe nyumba, foni sigwira. Tinkagona m'tenti masiku atatu.

Alamu ndiwo ankapanga alonda. Ankatenga mabotolo apulasitiki othera mafuta ophikira, kuwapaka penti yachikasu, kukulunga chingwe pamimba pa botolo, kunsonga n'kumangako nati yaikulu yachitsulo ya kugalaja kwanga. Mbedza ikakola nsomba yabwino, ankaponya botolo pomwepo, chubwi. Nati inkamira, botolo n'kumazungulira lokha kumasula chingwe, kurrr, mpaka kuima nji.

"Awa ndiye alonda," ankatero. "Sagona, sapempha tchuthi."

Ena ankawaponya pamphambano za m'bango. Ankati munthu sasochera popita, amasochera pobwerera, choncho lamulo linali limodzi: pobwerera, mlonda azikhala kudzanja lako lamanzere. Aphunzitsi ankawaseka kuti poti alamuwo ndi amanzere, akufuna dziko lonse likhale lamanzere.

Alamu anamwalira ndi nthenda ya mtima. Zaka ziwiri bwato linangokhala chafufumimba kuseri kwa galaja. Chaka chachitatu tinanyamuka awiri, opanda botolo ngakhale limodzi, poti tinkati njira tikuidziwa. Sitinaganizire zoti mvula ya zaka ziwiri imasuntha bango.

M'mawa wa tsiku lobwerera, Aphunzitsi ankawaza nkhuni zowiritsira tiyi wachiwiri. Nkhwangwa inaterereka pachipika chonyowa n'kuwatema paphazi. Ndinang'amba malaya anga, kumanga bala, pamwamba n'kumangitsa ndi lamba, koma magazi ankadutsabe. Ndinasiya tenti ndi nsomba zonse, n'kuwagoneka m'bwato, phazi lili pamwamba pa chikwama.

"Amakanika," anatero, "mwamanga ngati paipi ya ladiyeta."

"Ladiyeta siyankhula. Gonani."

Titangolowa m'bango, chifunga chinatsika. Sindinaonepo chotero. Kutsogolo kwa bwato lathu lomwe kunkaoneka mwa apo ndi apo. Ndinapalasa ola lathunthu n'kupeza ndabwerera pamtengo wouma umene ndinaudutsa poyamba. Ndinayesa njira ina. Inakathera m'matope. Ndipo ndinkadziwa kuti imodzi mwa njira zimenezo imakagwera pamathithi, pamene ngakhale alamu sankayandikirapo.

Aphunzitsi anasiya nthabwala. Milomo inatuwa. Madzi a m'bwato anali atafiira.

Ndinaika nkhafi pamiyendo kuti ndiganize. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mbalame zasiya kulira. Achule nawonso. Kunangotsala madontho ogwa kunkhafi.

Kenako kunabwera fungo la kamfa. Alamu ankadzola mafuta a kamfa m'mawondo m'mawa uliwonse, ndipo tenti yathu inkanunkha choncho zaka zonse zija. M'bwato mwathu munalibe mafuta otero.

Chubwi.

Patsogolo pathu, osati patali. Ndinati ndi nsomba.

Kurrr.

Nsomba simasula chingwe.

"Mwamva?" Aphunzitsi ananong'ona, maso ali chitsinzinire.

"Ndamva."

"Palasani."

Ndinapalasa. M'chifunga munatuluka botolo lachikasu, likugwedezekabe, timafunde tikuchoka pamenepo kupita m'mbali. Panalibe bwato. Panalibe phokoso la nkhafi ya munthu wina. Ndinaitana kawiri kuti kodi kuli anthu. Mawu anga anangondibwerera.

Chubwi. Kurrr. Kutsogolo.

Ndinatsatira. Lachiwiri. Lachitatu. Nthawi zonse phokoso linkayamba, botolo n'kuonekera pambuyo pake. Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo ndinali kupita kwinakwake.

Lachinayi linaima pakati penipeni pa mphambano. Kumanzere kunali njira yotakata, madzi oyera, oyenda bwino. Kumanja kunali kampata kothina, bango litagwerana, kooneka kuti sikapita kulikonse. Nzeru zanga zonse zinati njira ndi yotakatayo. Ndinakhotetsa bwato, ndipo madzi anayamba kutikoka okha.

Fungo la kamfa linakula mpaka kundiwawa m'maso.

Aphunzitsi anadzutsa mutu pang'ono. "Mlonda ali dzanja liti?"

Ndinayang'ana. Anali kumanja kwanga.

Ndinabaya nkhafi m'matope n'kukankha chobwerera ndi mphamvu zimene sindikudziwa kumene ndinazitenga. Bwato linakana. Linazungulira. Kenako linamvera. Tinalowa m'kampata kaja, mlonda ali kumanzere, bango likutikanda kumaso. Titayenda pang'ono, kuseri kwa bango, mbali ya njira yotakata ija, ndinamva kulindima kwa mathithi. Anali pafupi kwambiri. Sindinawauze Aphunzitsi.

Lachisanu. Lachisanu ndi chimodzi. Chifunga chinayamba kupyapyala, ndipo ndinaona mtengo umene tinaimikapo galimoto. Botolo lachisanu ndi chiwiri linali pafupi ndi gombe, pamadzi othamanga ndithu, litaima osasuntha.

Ndikuvomera kuti apa umakanika unandipambana. Ndinafuna kuona. Ndinatambasula dzanja n'kulinyamula, ndikuyembekeza kulemera kwa nati pansi. Linabwera lopepuka. Chingwe chonse chinali chokulungidwabe pamimba pake, nati itapanidwa pansi pa chingwecho. Chingwe chinali chouma. Penti inandimata m'zala.

Palibe chimene chinkaligwira pamenepo.

"Bwezerani," Aphunzitsi anatero. "Si lathu."

Ndinalibwezera pamadzi ndi manja awiri. Linaima pomwe linali. Masamba ndi timitengo zinkalidutsa mbali zonse.

Kuchipatala tinafika madzulo. Anawasoka, n'kuwapatsa magazi. Adokotala anandiuza pakhonde kuti tikanachedwa ola lina, akanandipatsa uthenga wina woti ndikapereke kwa akazi a Aphunzitsi. Ndinakhala pabenchi, n'kupeza kuti ndikunena zikomo mobwerezabwereza, osadziwa kuti ndiyang'ane kuti.

Ndaganizapo zambiri. Ndinafunsa awedzi ena ngati alipo amene anali m'bango tsiku limenelo. Palibe. Ndinati mwina ndi mabotolo akale amene tinaiwala, koma alamu ankawerenga alonda awo pobwerera ndipo sanasiyepo ndi mmodzi yemwe, komanso penti ya zaka zitatu simata m'zala. Sindinapeze yankho, ndipo sindipeka.

Patapita sabata ndinapita kwa achemwali. Ndinawapeza akusita zovala pakhonde. Ndinayamba ndafunsa za thumba la mabotolo a malemu.

"Aja? Ndinapatsa otola mabotolo chaka chomwecho. Ankangodzaza malo. Bwanji?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira nkhwangwa mpaka chingwe chouma. Sanandidule mawu. Simbi inakhala pamalaya mpaka kununkha, ndiye anaichotsa.

"Achimwene, anakuyankhulani?"

"Ayi."

"Ngakhale liwu limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

Anagwedeza mutu, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, uku akumwetulira.

"Ndi iwowo. Akakhala pantchito sankayankhula." Anapinda malaya opserera aja n'kuwaika pambali. "Nanga munathokoza?"

"Ndinathokoza mochedwa, ndili kuchipatala. Ndiye ndabwera kudzathokoza kuno."

"Khalani pansi," anatero. "Ndalandira m'malo mwawo."