Sanafike ku Dulles

Amalawi opemphera pa tchalitchi china ku Wheaton akafuna kutchula banja labwino, ankatchula la Redson Chikafa ndi mkazi wake Mwaiwathu. Awiriwa anakwatirana ku Balaka, ndipo anabwera ku Amereka mwana wawo Tiya akadali kumsana. Redson ankagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Silver Spring. Mwaiwathu ankakwera sitima m'mawa uliwonse kupita ku Foggy Bottom, kumene ankasamalira gogo wina wachizungu, mayi Lindqvist, amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Loweruka ankapita limodzi kokagula zinthu, Redson atakoleka paphewa chikwama cha mkazi wake osachita nazo manyazi. Anzake ankamuseka kuti anadyetsedwa khuzumule, iye n'kumangoti, "Ngati ndinadyadi, muwauze andionjezere."

Zinthu zinayamba kusintha pamene Mwaiwathu anayamba kudaliridwa kuntchito. Mwana wa gogo uja, bambo Lindqvist, anali munthu wotanganidwa ku ofesi yoona za chuma, choncho anamusiyira makiyi a nyumba, nkhani za madokotala ndi zina zambiri. Foni ya Mwaiwathu inayamba kulira pafupipafupi. Ikalira, Redson ankasiya kudya.

"Ndani ameneyo?"

"Ndi abwana, bambo a Tiya."

"Abwana amaseketsa choncho?"

Tsiku lina mtsogoleri wa kwaya anatumiza uthenga wokumbutsa za nthawi yophunzira nyimbo, ndipo kumapeto kwake anaikako kachithunzi ka duwa. Redson anamenyetsa foniyo kukhoma mpaka inaphwanyika. Mawa lake anagula ina, napepesa akulira, koma Mwaiwathu anali ataona nkhope imene sankaidziwa. Kuyambira pamenepo anaphunzira kufufuta mauthenga asanafike pakhomo, ngakhale ochokera kwa mlongo wake weniweni. Akamva kiyi akutembenuka pachitseko, mtima unkagunda ngati waba.

Nsanje siyamba ndi mpeni. Imayamba ndi kafunso kakang'ono, kenako imaphunzitsa munthu wosalakwa kuyenda monyang'ama ngati wolakwa. Ndipo wansanje akaona mnzake akunyang'ama, amati wapeza umboni.

M'mwezi wa Novembala, bambo Lindqvist anauza Mwaiwathu kuti mu Febuluwale banja lonse lidzapita ku mapiri a ku Utah kukatsetsereka pa sinowo, chipale chofewa chija chimagwa nyengo yozizira, monga ankachitira chaka ndi chaka. Ulendo uno ankafuna kutenganso gogo, kuti akaone adzukulu awo akusewera, choncho Mwaiwathu anayenera kupita nawo. Anamupemphanso kuti akonze za mayendedwe. Inali ntchito yambiri. Nyumba ya ku Foggy Bottom inali yopanikizika, motero zipangizo zonse za masewerawo zinkasungidwa m'kachipinda kalendi pa malo osungirako katundu ku Wheaton, amene anthu amangowatcha sitoreji. Munali matabwa aatali otsetserekera, a anthu asanu, okhala ndi chitsulo chakuthwa m'mbali mwake. Munalinso ndodo zake, zipewa zolimba ndi nsapato zolemera ngati njerwa. Pankafunika galimoto yoti inyamule zonsezi, idutsire ku Foggy Bottom kukatenga anthu ndi gogo ali pa njinga yawo ya olumala, n'kukafika ku bwalo la ndege la Dulles kutatsala maola atatu kuti ndege inyamuke, popeza katundu wamtali amalembetsedwa payekha. Kutsidyako kunkafunikanso galimoto ina yochoka ku Salt Lake City kukwera kuphiri, ndi maloka osungiramo matabwa pafupi ndi potsetserekera.

Za ku Utah anazimaliza pafoni m'masiku atatu. Za kuno ndi zimene zinavuta. Galimoto yokwanira matabwa inalibe pokwezera njinga, yokhala ndi pokwezera njinga inali yaifupi.

Amene anamuthandiza anali Gwendoline, mnzake wa ku kwaya. "Mukuvutikiranji, mayi a Tiya? Abambo kwathu ali ndi vani yaikulu, ya chikwepe chokwezera njinga chomwe. Ntchito yawo ndi imeneyo."

Mwamuna wa Gwendoline anali Jasper Mlenga, amene kale ankayendetsa galimoto pa ofesi ya kazembe wina ku Massachusetts Avenue, asanayambe ntchito yakeyake yonyamula anthu. Anali munthu wanthabwala, bambo wa ana atatu. Koma Redson sankafuna kumva dzina lake, chifukwa pa ukwati wina Jasper anauza Mwaiwathu pagulu kuti, "Alamu, lero mwatchena, mkwatibwi achita nsanje." Mawu amenewo Redson anawasunga zaka ziwiri.

Ulendo wa ku Utah Redson anauvomera monyinyirika, atafunsa kaye kuti kukakhala amuna angati. Choncho atafunsanso kuti adzawaperekeze ku Dulles ndani, Mwaiwathu anachita mantha. Anati, "Azungu apeza okha kampani."

Linali bodza limodzi lokha, lonenedwa pofuna mtendere. Koma bodza lobadwa ndi mantha silikhala lokha nthawi yaitali.

Lachinayi lina mu Januwale, masana, Mwaiwathu anakumana ndi Jasper ku sitoreji kuti ayeze ngati matabwa angalowe mu vani njinga ili momwemo. Kunali mphepo yozizira yobaya m'mafupa. Pamene ankalongedza zipangizo m'zikwama, Jasper anatsitsa chitseko chachitsulo mpaka m'mawondo kuti mphepo ichepe. Sanadziwe kuti chapatali pang'ono panali Eleanor, mayi wogwira ntchito limodzi ndi Redson, amene ankasunga komweko migolo yake yotumiza kumudzi. Eleanor anaona miyendo inayi kunsi kwa chitseko, anamva kuseka, nadikira m'galimoto mwake mpaka anaona nkhope.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro anakhala moyandikana ndi Redson. "Achimwene, ine sindifuna za eni, komatu ndikakhala chete Mulungu andifunsa. Kodi alamu ali ndi katundu ku sitoreji ya ku Wheaton?"

"Bwanji?"

"Ayi, ndangofunsa. Mwina a Mlenga amawathandiza kunyamula. Kungoti chitseko chinali chotseka. Mphindi makumi anayi. Musanene kuti ndanena ndine."

Madzulo a tsiku limenelo Redson anapeza mkazi wake akusita yunifolomu. Anakhala pampando jekete osavula.

"Dzulo masana unali kuti?"

Mwaiwathu anamva kuti "munali" wasanduka "unali". "Ndinali kwa gogo."

"Tsiku lonse?"

"Tsiku lonse, bambo a Tiya."

"Ndiyang'ane! Ndikuti undiyang'ane! Ine ndimapukuta manyi a azungu maola khumi ndi awiri kuti iwe uzindisandutsa chitsiru?"

"Ndakulakwirani chiyani ine?"

"Undifunsa ine? Iweyo undifunsa ine?"

Anamenya tebulo, simbi inagwa pansi. Tiya, amene tsopano anali wa zaka khumi ndi chimodzi, anatuluka kuchipinda. "Daddy, please stop," anatero. Redson anamuyang'ana mwanayo, nayang'ananso mkazi wake, kenako anaseka pang'ono n'kuti, "Chabwino. Unali kwa gogo."

Sanafunsenso. Masabata atatu otsatira ankadya, n'kuthokoza, n'kukagona. Mwaiwathu ankalakalaka atamukalipira, chifukwa kukhala chete kumeneko kunali koopsa kuposa phokoso. Nthawi zina akatembenuka kukhitchini ankamupeza ataima pakhomo akungomuyang'ana. Mwaiwathu anayamba kuonda. Tsiku lina ali pa siteshoni ya sitima anaimbira Gwendoline n'kumufotokozera zonse.

"Auzeni zoona, mayi a Tiya," anatero Gwendoline. "Kapena ine ndi abambo kuno tibwere Lamulungu tidzakambirane pamaso. Palibe chobisa apa."

"Ayi, Gwendoline, simukuwadziwa. Akamva kuti ndinanama, ulendowu auletsa, ntchito indithera. Ndikangobwerako ku Utah ndidzawauza, ndili ndi abusa pambali."

"Ine ndikuopa, mayi."

"Inenso ndikuopa. Angotsala masiku asanu ndi atatu."

Anthu ambiri aonongeka chifukwa cha mawu akuti "tikabwerako". Choonadi chikachedwa panjira, mphekesera imakhala itafika kale, itapatsidwa mpando.

Tsiku la ulendo linali Loweruka. Ndege inali yonyamuka 1 koloko masana. Redson anavala yunifolomu, natsanzika kuti wapita kuntchito, koma anakaimika galimoto kuseri kwa sitolo ina moyang'anizana ndi geti la sitoreji. Itangodutsa 8 koloko anaona mkazi wake akutsika basi ndi sutikesi. Patapita mphindi zochepa vani yoyera ya Jasper inafika. Geti litatseguka, Redson analowa wapansi pambuyo pake.

Mwaiwathu anali mkati mwenimweni mwa kachipindako, kuseri kwa makatoni, akuwerenga nsapato. Jasper anali atatulutsa matabwa ena n'kuwatsamiritsa kukhoma lakunja. Anaima pakhomo atafulatira kunja, foni ili m'thumba la jekete, kachingwe kakuda komvetsera foni kakukwera kukhutu pansi pa chipewa chaubweya. Ankalankhula ndi mkazi wake Gwendoline, amene anamuimbira chifukwa mtima sunkakhazikika. Redson, ataima kuseri kwa vani, sanaone kachingweko. Anangoona mwamuna atayang'ana kumene kunali Mwaiwathu, akulankhula motsitsa mawu.

"Usaope, darling. Iyeyo ali kuntchito, sakudziwa kanthu. Tikangomaliza apa, basi tanyamuka. Ndimakukonda, wamva?"

Redson anagwira thabwa limodzi ndi manja awiri. Jasper sanacheuke n'komwe. Chitsulo chija chinamupeza pakhosi chakumbuyo, nagwa chafufumimba pa simenti. Redson anamenyanso kachiwiri, kachitatu.

Mwaiwathu atasuzumira anaona mwamuna wake akubwera kwa iye, thabwa lili m'mwamba, maso ali gwa ngati a munthu wachilendo. Kuthawira kunalibe, kumbuyo kunali khoma. Anagwada pakati pa nsapato zija ataphimba mutu ndi manja. "Bambo a Tiya, musandiphe! Mwana, bambo a Tiya, ganizani za mwana!"

Pamenepo m'pamene onse awiri anamva kamawu kochokera pansi. Foni ya Jasper inali itagwa, kachingwe katazuka, ndipo munthu ankakuwa mmenemo. Redson anaitola. Pagalasi panali chithunzi cha Gwendoline atanyamula khanda, ndipo mphindi zinali zikuwerengabe.

"Bambo a Yohane! Jasper! Chachitika n'chiyani? Ndani akulirayo? Ndiyankheni!"

Redson anayang'ana foniyo. Anayang'ana zikwama zokhala ndi zikwangwani za dzina la Lindqvist, ndi pepala limene linali m'dzanja la mkazi wake, lolembedwa maina asanu ndi manambala a nsapato. Thabwa linamupulumuka. Anakhala pansi pafupi ndi Jasper n'kuyamba kumugwedeza phewa. "A Mlenga, dzukani. Achimwene, tadzukani." Apolisi anamupeza akadali pomwepo. Jasper anamwalira asanafike kuchipatala. Ku Foggy Bottom, gogo anakhala pa njinga yawo pakhomo, atavekedwa zofunda, akudikira galimoto mpaka ndege inapita.

Mlandu unazengedwa ku khoti la ku Rockville patatha miyezi khumi. Makamera a pa sitoreji anaonetsa zonse. Bambo Lindqvist anabweretsa makalata osonyeza kuti iwo ndi amene anavomereza kuti Jasper awanyamule. Eleanor ataitanidwa analira, nati iye anangoona miyendo basi, zinazo sanaone. Kenako anaima Gwendoline, atavala zakuda, nabwereza mawu omaliza a mwamuna wake, limodzi ndi limodzi.

"Mawu amene munamuphera aja," anatero akuyang'ana Redson, "ankauza ine. Anali anga."

Oweruza anapeza Redson Chikafa wolakwa pa mlandu wakupha, nalamula kuti akakhale kundende zaka makumi atatu, ndipo akadzatuluka adzabwezedwe ku Malawi. Pamene ankamutulutsa anafunafuna ndi maso mkazi wake. Mwaiwathu anali pa benchi yakumbuyo, nkhope itayang'ana pansi. Iyenso anali ndi mlandu wake mumtima, umene palibe khoti likanauzenga, ngakhale abusa anamuuza kangapo kuti amene anagwira thabwa si iye. Mlandu utatha anasamuka ku Wheaton ndi mwana wake, osauza munthu kumene akupita.

Lero Redson amakhala m'kachipinda kamene akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Walemba makalata khumi ndi anayi opita kwa Tiya, ndipo onse abwerera osatsegulidwa. Akaidi anzake amati salankhula ndi munthu, koma nthawi zina amamumva akufunsa yekha m'chinenero chimene iwo sachimva.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Redson ankafunsa, koma ankafunsa ndi chibakera, ndipo munthu wofunsa choncho sauzidwa zoona, ngakhale zoonazo zikhale zoyera chotani. Iwe amene mkazi wako amanjenjemera akamva mapazi ako, usati akubisa chibwenzi. Akubisa moyo wake, ndipo amene akuubisira ndiwe. Ndipo iwe amene waona miyendo kunsi kwa chitseko, gogoda ufunse usanapite nayo nkhani kwina, pakuti ana atatu a Jasper Mlenga akukula opanda bambo chifukwa cha chinthu chimene sichinachitike.